Mwendo wa Ignasio Winayo

"Ignasio. Mwendo wamanja. Fupa laola, udulidwe."

Vinsenti, mlembi wa pachipatala cha mishoni, anawerenga kalatayo mokweza pakhonde. Anali ataikopera yekha m'buku la adokotala kuti wodwala apite nayo kuchipatala chachikulu. Amuna anayi onyamula machira anali chiimire, akuomba mapazi pansi ndi chisanu.

Ignasio anangodzifunda bulangete kumutu. Koma mkazi wake, Jesinta, anadzambatuka.

"A Vinsenti, wamanja uti? Ine milungu itatu yonseyi ndakhala ndikumanga nsungwi pa wamanzerewu. Wamanjawu dzulo lomweli anakankha nawo nkhuku!"

Vinsenti anathamangira m'kati n'kutuluka ndi bukulo. Chala chake chinatsika ndi tsamba, chinaima, chinatsikanso. Kenaka anagwira pakamwa.

M'bukumo munali a Ignasio awiri. Pa Pasaka chaka chatha, ansembe anabatiza amuna awiri dzina limodzi, ndipo onse anafika pano atathyoka miyendo. Winayo anadulidwa kale nthawi ya mvula, ali kwawo akuluka madengu.

Vinsenti anawerenga mzere wam'munsi. "Msongolo wamanzere. Fupa likugwirana bwino. Ayambe kuponda mwezi ukaoneka."

Nthungululu ya Jesinta inadzutsa odwala onse. Ignasio anavundukula bulangete, nagwedeza zala zakumapazi, zonse khumi, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Nanga machirawa titani nawo, mayi?" anafunsa mmodzi wa onyamulawo.

Jesinta anamanga nsalu yake m'chiuno.

"Nyamulani ine. Wotopa pano ndine."