Kamera Yobisa Nkhope

Makamera atatu anali pa galasi kwa theka la ola, koma bambo uja anali asanasankhe. Monalisa anadzikupiza ndi katoni. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, kontena yake ya pa msika wa Matero itatentha ngati uvuni, ndipo kasitomala wa tsikulo anali yekhayu.

Anamuwerenga atangolowa. Jekete la kudziko lozizira mwezi wa Okutobala. Nsapato zabwino koma zakutha. Chinyanja chakale, cha munthu amene anachoka mafoni asanafike m'makomboni. Zotsalazo ananena yekha: dzina lake Whyson, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ku England, akusambitsa nkhalamba za eni ake, wopanda mapepala oti n'kupita kwawo n'kubwereranso. Matero anamupeza atasinthiratu. Pabwalo pamene ankamenyera mpira panali malo obetchera awiri ndi tchalitchi cha malata, ndipo kondakitala wa minibasi anamufunsa ngati ndi mlendo.

"Ba mudala, na ndalama yamene mwakamba, tengani iyi," anatero Monalisa, akukankha kamera yaing'ono yasiliva. "Ni yopepuka, vithunzi vipita ku foni pamene apo. Olo gulani chabe foni yabwino."

"Wa foni si wojambula," anayankha Whyson.

Yachiwiri anaiyang'ana pang'ono n'kuibweza. Anatola yachitatu, DSLR yakuda, yolemera, mphira wake utayamba kumatuka pogwirira. Monalisa anamuuza zoona. Inali ya ophunzira, yakalekale, lenzi imodzi yokha, ndipo mwini wake woyamba anaikalambitsa m'maukwati ndi m'makitcheni pate.

Whyson anaiika padiso, nadina. Kalilole wa m'kati analira, khatya! Anadinanso. Kamagetsi ka pamwamba kanadumpha n'kuwalitsa kontena yonse.

"Kale wojambula ankabwera pa njinga Lamlungu," anatero, kamera idakali pankhope. "Tonse tinkadzola mafuta mpaka kunyezimira. Pakatha masabata awiri amabwera n'kunena kuti filimu yapsa, ndipo tinkadzolanso."

Sanafunse za mamegapikiselo. Sanafunse kuti batire imakhala maola angati. Anafunsa ngati pali lamba wa zilembo zikuluzikulu, wooneka munthu ali patali. Kenako anafunsa funso limene Monalisa anali asanalimvepo pa ntchito yake.

"Ndikaigwira chonchi, nkhope ikubisika?"

"Mufuna kujambula ndani kansi?"

Whyson anatsitsa kamera.

"Kuli mzimayi kuseri kwa sukulu uko, nyumba ya geti yobiriwira. Ndapitako katatu. Katatu konse andithamangitsa. Dzulo anandithira madzi otsukira mbale."

"Munabasiya?"

"Ndinawauza kuti ndikupita zaka ziwiri zokha."

Monalisa anatsonya. Amuna otere ankawadziwa. Bambo ake omwe anapita ku Botswana iye ali giredi 2, kukagula katundu wa oda, ndipo mpaka lero katunduyo akugulidwabe. Amabwerako tsitsi litayera, m'thumba mutaphwa, kufuna kuti mkazi amene analera ana yekha ndi tomato wa pa msika awayalire mphasa.

"Manje muganiza kamera izabasintha mtima? Madzi ya mbale yachepa. Sembe ni ine, sembe yenze yotentha."

Whyson sanadziteteze. Anangoti amene amakhala ndi mzimayiyo pakhomopo akuti mwamuna wachilendo aliyense amabwezedwa pa geti, kupatula wojambula. Akalephera lero, njira ina alibe.

Monalisa anaganiza zobweza kamerayo m'kabati. Anayang'ana kunja, kumene anthu ankangodutsa osakhota, n'kuusa moyo. Ndalama ya bamboyo inakwana kamera, lamba ndi memori khadi. Chikwama chinatsala. Monalisa anamuonetsa poika kagudumu pa chizindikiro chobiriwira, kuti kamera iziganiza yokha. Anamuuza kuti adine pang'ono kaye, adikire kulira kwa tii, kenako amalize. Whyson ankaigwedeza podina, moti zithunzi zitatu zoyamba zinatuluka ngati zojambulidwa m'madzi.

"Kanikizani vigongono ku chifuba. Musapume. Ehe, so."

Chachinayi chinatuluka bwino. Monalisa anadziona pa kasikirini, nkhope itakwinyika ngati ya woweruza milandu.

Whyson anavala lamba m'khosi, navula jekete, nalipinda mosamala. Anafunsa kumene amatsukitsa zithunzi tsiku lomwelo, chifukwa choonera pa kasikirini mzimayiyo sachiwerengera. Monalisa anamulozera situdiyo ya pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Whyson atafika pakhomo la kontenayo, mtima wa mtsikanayo unakana kukhala chete.

"Ba Whyson, munabanamiza kamodzi, apa mufuna kubanamiza futi. Nanga bakakuzibani kuti ndimwe?"

Whyson anaima, dzuwa likumuwomba kumsana.

"Akandizindikira, kamerayi ndidzakubwezera ulere, mwana wanga. Mutu unayamba kuwasokonekera zaka zitatu zapitazo. M'mawa uliwonse amasamba, n'kuvala yunifomu ya Chigwirizano, n'kukhala pakhonde kudikira wojambula wa njinga. Akuti akufuna chithunzi choti atumizire mwana wawo Whyson ku England, kuti asawaiwale nkhope."