Mlandu wa Njiri Wovundula Chitsime

Padangokhala chilala choopsa, ndipo nyama zidaika lamulo lakuti wovundula chitsime apirikitsidwe.

Tsiku lina kamwana ka Gwape kadagweramo. Njiri adalumphiramo n'kukavuula, madzi onse n'kusanduka matope.

Pabwalo la milandu, Khwangwala, loya wa kolala yoyera, adalakatula lamulolo pamtima. "Lamulo ndi lamulo, achoke!"

Njiri, wozolowera kugwada ngakhale pakudya, adangogwada, matope ali chuchuchu.

Woweruza, a Nungu, adafunsa: "A Khwangwala, mawu mwaloweza bwino. Koma lamuloli tidaliikiranji?"

"Kuti ana athu asafe."

"Ndiye tipirikitse amene wapulumutsa mwana?"

Khwangwala adayang'ana kamwanako kakunjenjemera pambali pa amake. Adakanda kolala yake.

"Madzi adikha mawa," adatero motsitsa mawu. "Dzukani, achimwene."