Mawu Obwerera M'paipi

Kutangoda, Priska anapita ndi tochi ku paipi yaikulu yothirira mpunga, momwe mwamuna wake Hilario analowa masana kukachotsa matope. Pakamwa pa paipiyo anapeza patapata zake zokha.

"Bambo a Glory!" anakuwira mkatimo.

Mawu ake anachedwa, kenako anabwerera. Hilario ankati mawu akafika kutali uko, pomwe paipi yachepa, ena amabwerera, ena amapitirira.

"Chonde tulukani! Atsegula madzi posachedwa!"

Ulendo uno mawu anabwerera msanga, ngati agunda chinachake pafupi. Koma pochepa pa paipi sipayenda.

Priska anagwada.

"Bambo a Glory, ndinu?"

Tochi sinaonetse kanthu. Koma mawuwo anamuwomba kumaso asanatseke pakamwa, ofunda, akununkha matope.