Nkhoswe ya Donald

Donald anaima pageti la nyumba yoyandikana ndi yake, tambala wofiira ali kukhwapa.

"Odi! Odi kuno!"

Geti linalipo, koma mpanda anali asanamange. Mu 1975 Area 43 inali nyumba zatsopano, fumbi lofiira ndi timitengo tolekeza m'chiuno. Akanatha kungolambalala getilo. Koma Donald wa masiku ano sankalowa pakhomo pa eni ake ngati mbuzi.

Donald wakale akanalowa. Ameneyo anachoka kwawo ku Amereka kudzayala mapaipi a madzi a likulu latsopano, ndipo anafika ndi changu chake chonse. Ankadya chiimire. Ankayang'ana wotchi munthu akulankhula naye. Tsiku lina pamsika wa ku Old Town anafunsa mayi wogulitsa tomato njira ya ku positi, moni osapereka. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi n'kuyankha kuti, "Ndili bwino, kaya inu?" Nkhani imeneyi Donald ankaikamba paliponse, ndipo woyamba kuseka ankakhala iye mwini.

Tsopano wotchi inkagona m'dirowa. Basi ikachedwa, ankagula chinangwa n'kucheza ndi amene wayandikana naye. Pamaliro ankadziwa pokhala amuna. Chichewa chake chinkatsimphina, koma chinkafika kumene chikupita.

Chomwe chinamubweretsa pageti limeneli anali Tabitha, namwino wa ku Rumphi. Amalume ake a Tabitha anali atabwera ku Lilongwe, ndipo sanapite m'mbali.

"Mzungu kaya si mzungu, ine za ukwati sindikamba ndi mnyamata wobwera yekha. Apeze munthu wamkulu womulankhulira. Loweruka ndikukwera basi."

Anzake a Donald akuntchito anali anyamata okhaokha, ena ndevu zisanamere bwino. Donald anasowa mtendere mpaka pamene lole ina inatsitsa katundu panyumba yoyandikanayo. Masiku amenewo malole ankabwera tsiku ndi tsiku kuchokera ku Zomba, atasenza mipando ndi mabedi a ogwira ntchito m'boma. Pabokosi lina lalikulu panalembedwa kuti MACKFORD. Mayina otere Donald ankawadziwa: Felton, Lawford, Mackford, anthu a kumpoto ophunzira kumishoni amene anali kudzaza maofesi a ku City Centre. Mwini katundu anamuonanso: bambo wa imvi, wa magalasi, womanga tayi ngakhale ali pakhonde pake. Ameneyu ndi mkulu wa mpingo basi, anatero Donald mumtima. Mwinanso amalume aja amawadziwa.

A Mackford anatuluka n'kumukodola ndi dzanja. Anamulozera mpando, koma Donald anakhala pasitepe ya khonde, monga anaonera anyamata aulemu akuchitira. Anapereka tambala uja ndi manja awiri.

"Monire, adada," anatero, kugwiritsa ntchito Chitumbuka chonse chimene Tabitha anamuphunzitsa.

Bamboyo anamwetulira. "Zikomo."

Donald anaona kuti Chitumbuka chake chagwa panjira, ndiye anatembenukira ku Chichewa. Chingerezi sanafune n'komwe. Kupempha nkhoswe m'Chingerezi kukanakhala ngati kuitanitsa mapaipi.

Sanathamangire nkhani. Anafunsa za ulendo, za kunyumba, za ana. Pa funso lililonse a Mackford ankagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Zikomo." Donald sanadabwe. Akuluakulu ena a kumpoto Chichewa sankachikonda kwenikweni, komanso munthu wolemekezeka samwaza mawu.

"Ine bambo ndinabwera kuno ndili chitsiru," anayamba Donald. "Kwathu munthu ungakhale ndi mnzako khomo ndi khomo zaka khumi, dzina lake osalidziwa. Timathamanga. Ukafunsa kuti tikuthamangira kuti, palibe angakuuze. Munthu timangomuona kamodzi, basi tamaliza, tadziwa kale kuti ndi wotani. Kuno n'kumene ndaphunzira kukhala pansi n'kumvetsera."

"Zikomo," anatero a Mackford, akusuntha tambala uja kuchoka pamwendo wina kupita pa wina.

Donald anafotokoza za Tabitha: mmene anakumanirana kuchipatala iye atadzicheka ndi chitsulo kuntchito, mmene anamudzudzulira chifukwa cholira ngati mwana pomusoka, mmene iye anabwererako kukatsukitsa bala lopola kale. Anafotokoza za amalume ndi basi ya Loweruka. Kontrakiti yake inali kutha. Tabitha akamukana, ndiye kuti abwerera kudziko kumene anthu amadya chiimire.

"Ndilibe m'bale kuno. Ndikupempha inu mukhale bambo anga, mukandilankhulire."

Anaomba m'manja mofatsa n'kuweramitsa mutu.

Kutali kunkamveka matchini ophwanya miyala. Donald wakale akanatsokomola, akanabwereza funso, mwinanso akanadziyankha yekha. Uyu anangodikira, maso ali pansi, mwendo wachita dzanzi, mumtima akudziyamikira. Anayamba kale kuona amalume aja akugwirana chanza ndi mkulu ameneyu, awiriwo akuseka m'Chitumbuka, iye ali phee pambali ngati mkamwini wolangika.

Potsiriza a Mackford anavula magalasi, anapumira m'mwamba, n'kulankhula m'Chingerezi chimene Donald anachimva komaliza tsiku limene ankachoka kwawo.

"Bambo, mundikhululukire. Ine kwathu ndi ku Detroit, ku Amereka, ndipo m'dziko muno ndafikamo dzana. Kodi inu Chingerezi mumamvako?"