Kuno Timati Loya

Jenereta inazima woweruza wa m'kanemayo atangotsegula pakamwa kuti agamule.

"Tsegulani chitseko!" anthu anakuwa.

Koma mwini vidiyo ya pa Katuli anali atakhoma loko kunja kuopa olowa ulere, n'kupita kukasaka petulo. M'kachipinda kotenthako, mkangano unabuka.

"Anapha ameneuja, maso ake akuchita kuonetsa," anatero mayi wina.

"Kanema wanji wopanda karate? Kungoyankhula basi!"

Shafi anali atakhala pakona. Chiwolokereni malire kuthawa nkhondo, ankauza aliyense kuti kwawo ndi ku Makanjira. Tsoka lake, pambali pake panakhala a Osmani, mkulu wa achinyamata amene ankagwira othawa nkhondo n'kuwapereka ku kampu.

"Nanga iwe wa ku Makanjira, ukuti bwanji?" a Osmani anamugunda ndi chigongono.

"Ine sindinamve Chizungu chake, bwana."

"Tonse sitinamve. Yankha!"

"Munthu uja ngosalakwa," Shafi anatero, mtima utamuwawa. "Alibe kothawira. Ndiye advogado wakeyo akumugulitsa."

Anadziluma lilime. Liwu la Chipwitikizi linali litatuluka kale. Anayang'ana chitseko chokhoma chija, thukuta lili kamukamu.

Enawo sanamve, anali pa mkangano wawo. Koma a Osmani anamugwira dzanja mwamphamvu, n'kusendeza pakamwa pawo kukhutu kwake.

"Kuno timati loya," ananong'ona. "Ukalakwitsanso ndili pafupi, atifunsa tonse awiri, poti nanenso ndinachita kuwoloka malire."