Tsiku Limene Kadontho Kanapatuka

Amake mapasa anali atangoluma banzi pamene kadontho kamodzi pa sikirini kanasanduka kofiira. Ntchito yawo pa kampani ya malole inali yomweyo: kukhala m'kachipinda kopanda zenera n'kumayang'ana timadontho tikukwawa pa mapu. Kadontho kalikonse ndi lole, ndipo m'lole iliyonse muli munthu. Kofiirako kanali ka amuna awo.

Nthawi imeneyo lole imene amuna awowo ankayendetsa, yodzaza ndi mankhwala a m'zipatala, inayenera kukhala pamzere kumalo otsitsira katundu, kumene madalaivala amaswera akudikira. Koma kadontho kanali katasiya msewu waukulu, n'kulowa m'tinjira ta dera lina la nyumba zothithikana. Kanaima pamenepo, zii.

Anaimba foni ya amuna awo. Yozimitsa. Anaimbanso. Yozimitsa.

Anakuwira katswiri wa makina wa pa kampanipo, amene aliyense ankamutcha Mawaya. Iye analowa akutafuna, monga mwa chizolowezi chake, koma atangoona sikirini anasiya kutafuna. Anafotokoza mwachidule zimene amake mapasa ankazidziwa kale koma sankafuna kuzimva. Kachipangizo ka m'lole kamadziwa pamene kali pomvera mauthenga ochokera ku masetilaiti. Masiku ano achifwamba amagula kawailesi kochepa ngati sopo, n'kukalumikiza ku laputopu. Kawailesiko kamalankhula chilankhulo cha masetilaiti, koma mokweza kuposa eni akewo, ndipo kachipangizo ka m'lole kamakhulupirira wofuula kwambiri. Zikatero, kadontho kamapita kumene wakuba wafuna.

"Ndiye ali pamenepo kapena ayi?" anafunsa amake mapasa.

"Mayi, kadonthoko musakadalire," anatero Mawaya. "Amatha kukaika kum'mawa kuti alonda athamangire kumeneko, lole ikupita kumadzulo."

Mwezi wapitawo zinali zitachitikira dalaivala wina, Ndevu, munthu wa nthabwala amene sankadutsa pakhomo la kachipindako osapempha tiyi. Kadontho kake kanayenda bwinobwino tsiku lonse, amake mapasa akukayang'ana ndi maso awo omwewa, pamene mwini wake anali atamangidwa m'tchire. Anam'peza ali moyo, koma mpaka lero amam'dyetsa ndi supuni.

Bwana anatsika m'mwamba akupuma befubefu. Funso lake loyamba linali la mankhwala, lachiwiri la inshulansi. Atakumbukira amene anali atakhala pampandopo anatsokomola, n'kunena kuti zonse zikhala bwino. Analamula mkulu wa alonda kuti atenge anthu ake apite kumene kunali kadontho, popeza panalibe pena poyambira. Mkulu wa alondayo anali mnzawo wa amuna awo kuyambira kalekale, woti ankadya kunyumba kwawo. Potuluka sanawayang'ane kumaso.

Kenako kunali kudikira. Timadontho tina tinkapitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Anthu a mu ofesi ankasuzumira pakhomo n'kubwerera chamumtima, monga amachitira pakhomo pamene pagona wodwala mwakayakaya. Mayi woyeretsa anabweretsa madzi m'kapu, nayamba kupemphera chapansipansi. Amake mapasa anafuna kum'letsa, chifukwa pemphero lake linkamveka ngati la pamaliro, koma anangolandira kapuyo.

Anakumbukira kuti m'mawa uja anasiyana molakwika. Anali atawakalipira amuna awo chifukwa chosiya nsapato zamatope pa sofa, ndipo mawu awo omaliza anali akuti m'nyumbamo muli ana atatu, wamkuluyo ndiye wovuta. Kodi amenewo ndiye mawu oti munthu apite nawo kumanda? Anaona m'maganizo mwawo manja a amuna awo atamangidwa kumbuyo, nkhope ili m'dothi. Anaganizira mapasa akuweruka kusukulu, akukanganirana kuti atsegule chipata ndani bambo akafika. Adzayamba kuuza uti?

Anayang'ana kadontho kaja mpaka maso anayamba kuwawa. Ankadana nako. Kanangokhala phee, kofiira, kabodza, pamene munthu wawo anali kwinakwake kumene mapu sakanawauza.

Foni ya patebulo italira, onse anadzidzimuka. Bwana anatambasula dzanja, koma amake mapasa anamuyambirira.

"Alamu, ndine," anatero mkulu wa alonda. Mawu ake anali olemera. "Mwakhala pansi?"

"Ingonenani. Awapha?"

"Ali moyo. Alibe ngakhale kabala."

Misozi inatsika osaiitana. Mayi woyeretsa anakweza manja kumwamba. Mkulu wa alonda anapitiriza kunena kuti lole yapezeka pamalo enieniwo amene mapu akuonetsa, yokhoma bwino, mankhwala onse alimo.

"Nanga achifwambawo? Kawailesi kawo?"

Amake mapasa anamva kulira kwa khanda chapatali m'fonimo.

"Kawailesi takapeza, alamu, pansi pa mpando wa dalaivala. Akuti n'kawo amuna anuwo, koma lero batire la laputopu lawathera osadziwa. Tawapeza pakhonde pa mayi wina, malaya atavula, akutonthoza mwana wawo. Kadontho ka lero ndi koona. Kamene kakhala kakukunamizani ndi ka masiku ena onsewa."