Pasiwedi Imodzi ya Ofesi Yonse

Panali munthu wina amene ankatsogolera gulu la anthu asanu ndi mmodzi opanga mapulogalamu a pafoni. Nkhaniyi ndinaimva kwa mayi wina amene timapemphera limodzi, ndipo ndikuifotokoza monga mmene anandiuzira, osakokomeza.

Munthuyu ankamutcha Bwana Changu, chifukwa nyimbo yake inali imodzi: changu, changu, zinazo tiona mawa. Gulu lake linapanga pulogalamu ya chipatala china, yotumizira odwala zotsatira za magazi pafoni. Iye anaika lamulo lakuti aliyense azilowa mu kompyuta yaikulu yosunga zonse pogwiritsa ntchito dzina lake iyeyo ndi pasiwedi yake. Ankafuna kuti mwini kampani akamaona ntchito imene yagwiridwa, aziona dzina limodzi lokha. Pasiwediyo anailemba pa kapepala kachikasu n'kukamata pakhoma, pafupi ndi ketulo.

M'gulumo munali mayi wina wamasiye amene onse ankawatcha Achemwali. Ntchito yawo inali kuyesa pulogalamu isanapite kwa anthu. Iwo anachenjeza kangapo kuti aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, komanso kuti munthu akasintha kanthu, mnzake aziyamba wakaona. Bwana Changu ankawayankha onse akumva.

"Achemwali, inu mukanakhala mlonda wa pageti. Kuno timapanga zinthu, sitilondera."

Enawo ankaseka, poti bwana akaseka nawenso umaonetsa mano.

Lachisanu lina masana, Bwana Changu anasintha china chake yekha mothamanga n'kuchitumiza osayesa. Pofika Lolemba, odwala makumi atatu anali atalandira zotsatira za anthu ena. Mwini kampani atafunsa, Bwana Changu anati dzinalo ndi lake inde, koma amene analowa tsikulo ndi Achemwali. Umboni ukanachokera kuti, onse akulowera khomo limodzi? Anzawo anangoweramitsa mitu. Achemwali anachotsedwa ntchito ndi kalata yonena kuti ndi osasamala, ndipo mbiriyo inkawatsogolera kulikonse kumene ankafunsira ntchito.

Anakhala pakhomo miyezi inayi. Mng'ono wawo ankawauza kuti azisiye m'manja mwa Mulungu. Iwo ankavomera pakamwa, koma mumtima munali moto. Ankati akagwada kuti apemphere, chimene chinkabwera m'maso ndi nkhope ya munthu uja.

Ankadziwa kuti pasiwedi ija sinasinthidwe, chifukwa m'zaka ziwiri zonse inali isanasinthidwepo. Tsiku lina anatsegula laputopu, nalemba dzina la Bwana Changu, zala zili pa mabatani. Akanatha kufufuta ntchito yonse madzi a tiyi asanawire. Koma anaganizira odwala, ndipo anaona kuti akatero, bodza la m'kalata muja lisanduka choonadi. Anatseka laputopuyo. Sikuti anakhululuka ayi. Ankafuna kuti munthuyo agwe dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Anadikira mpaka atamva kwa mnzawo wa muofesimo kuti dokotala wamkulu wa chipatala chija akubwera Lachitatu kudzamva ngati zinsinsi za odwala zili zotetezeka tsopano. M'mawa wa tsikulo, Achemwali anatumizira dokotalayo uthenga waufupi. Analembamo pasiwediyo. Anati iwo sanalowemo, koma adokotala aiyese okha, ndipo afunse kuti ndi anthu angati amene anachoka pakampanipo akuidziwa.

Pamsonkhanopo Bwana Changu anaimirira atavala tayi. Anati chichokereni munthu wosasamala uja, zonse n'zokhoma, ngakhale nyerere singalowe. Dokotalayo anamusiya mpaka anamaliza. Kenako anatulutsa foni, nalembapo pang'ono, n'kuikankhira pakati pa tebulo. Panali mayina a odwala onse, matenda awo ndi manambala awo a foni.

Mwini kampani anafunsa kuti zatheka bwanji. Apa m'pamene anzawo aja anapeza pakamwa. Wina anati Lachisanu lija Achemwali sanakhudze kanthu, anamuona yekha bwana akutumiza. Wina anatchula anthu atatu ochoka ntchito amene ankaidziwa pasiwediyo, nati Achemwali anachenjeza kangapo za zimenezi. Dokotalayo anati chipatala chipitiriza ndi kampaniyo pokhapokha ngati mayi amene anachenjeza uja ndiye atsogolere gululo.

Atawaimbira foni, Achemwali sanathamangire kuvomera. Anati choyamba amene anawanamizirayo alembe kalata yatsopano yowayeretsa, ndipo aiwerenge yekha mokweza pamaso pa onse. Anaiwerengadi. Atafika pa mawu akuti "ndinanama" anawameza, ndipo Achemwali anamupempha mwaulemu kuti abwereze, akumbuyo sanamve.

Bwana Changu anachotsedwa ntchito. Atanyamula katundu wake m'katoni, anawadikira Achemwali pakhomo.

"Achemwali, kandipepesereni kwa abwana. Ndili ndi ana atatu."

"Anga ndi anayi, ndipo bambo alibe. Munawawerenga?"

Anamudutsa n'kukakhala pampando. Ntchito yawo yoyamba inali kutseka dzina lake mu kompyuta ija. Yachiwiri inali kupatsa aliyense pasiwedi yakeyake.

Amene anandiuza akuti mpaka lero Achemwali amapempha Mulungu kuti afewetse mtima wawo, koma sunafewe. Ine sindiweruza. Tiwakumbukire onse awiri m'mapemphero.

Phunziro: Ngati mukutsogolera anthu, musalande dzina pa ntchito ya anzanu, ndipo musanyoze amene akukuchenjezani. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake, chosintha chilichonse chizionedwa ndi anthu awiri, ndipo munthu akachoka ntchito, khomo lake litsekedwe tsiku lomwelo. Amene mwamuliza mosalakwa saiwala msanga. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu a kuntchito, makamaka abwana anu, mwina ipulumutsa wina.